Chidendene cha Felista

Amuna anga a Kalisto ndi munthu woti akangokuonani kamodzi pa siteji ya Namadzi, mawa lake mudzipeza muli m'kope lawo, mphuno ndi makutu zili m'malo mwake. Ndakhala nawo zaka zoposa makumi awiri, ndipo sindinaonepo dzuwa likulowa iwo asanajambule kanthu. Ngakhale tsiku la ukwati wathu anajambula wansembe kuseri kwa pepala la nyimbo, ine ndili pambali pawo ndi velo kumutu, ndikudikira kuti andiyang'aneko.

Anabadwira pafupi ndi mishoni, kumene bambo awo ankachapa zofunda za odwala kuchipatala. Luso lawo linayambira pa zithunzi za Njira ya Mtanda zimene zinali m'makoma a tchalitchi. Anzawo akamapemphera, iwo ankawerenga zala za msilikali wogwira mkwapulo, pofika kunyumba n'kuzijambula ndi khala pakhoma la khitchini. Sukulu analekezera Fomu 2. Titakwatirana anabwera kudzakhala kwathu, kumunsi kwa Namadzi, ndipo amayi anga zinawatengera zaka zitatu kuti akhulupirire kuti mkamwini wogwira khasu ngati akuopa kulipweteka angadyetse mwana wawo. Komatu ankatidyetsa. Ankalemba zikwangwani za magolosale, ankajambula mitu yometedwa bwino pa makoma a ometa tsitsi, ndiponso anajambulapo nkhuku yonenepa pakhomo la lesitilanti ina imene nkhuku zake zenizeni zinali mafupa okhaokha.

Zinthu zitasintha mu 1994, nyuzi zinangoti mbwee, aliyense ndi yake, ndipo a Kalisto anayamba kutumizako makatuni. Zambiri mwa nyuzizo zinafa zisanawathokoze n'komwe. Chimene chinakhalitsa ndi kabuku ka mwezi ndi mwezi ka bungwe lina la mpingo ku Limbe, kamene kankagawidwa m'matchalitchi. Kumeneko anawapatsa masamba awiri apakati kuti azijambulamo nkhani: timabokosi khumi ndi tiwiri, anthu akulankhula m'timabaluni totuluka pakamwa. Anthu ambiri kwathu kuno kabukuko ankakatsegula pakati, akatha kuona zithunzi n'kukasandutsa chokulungira usipa.

Ntchito yawo inkayenda chonchi. Kukangocha ankaika kope m'thumba la jekete, pensulo yodula pakati kuti ikhale ziwiri, ndi lezala lakale losongolera. Ankayenda wapansi mpaka pa siteji n'kukakhala pakhonde la a Abdulkarim atelala, amene anawazolowera mpaka kuwasungira kampando. Lamulo lawo linali lakuti tiyi samwa asanadzaze masamba atatu. Sabata ina ankajambula manja okhaokha: a kondakitala akuguguda chitseko cha minibasi, a mayi akupanga timilu ta tomato. Sabata ina makosi a anthu osenza katundu. Koma chimene ankachikonda kwambiri ndi mapazi. Ankandiuza kuti munthu akadziwa kuti ukumuyang'ana amakonza nkhope, koma phazi amaliiwala. Ine ndinkawayankha kuti amuna a anzanga amabwera kuchokera kumsika ndi matemba, anga amabwera ndi zala zakumiyendo za anthu.

Dzuwa likakwera ankabwerera kudzakhala patebulo la pawindo. Nkhani ya mweziwo ankayamba kuijambula ndi pensulo pa pepala lolimba la ku ofesi, ndipo mapepalawo ankawapatsa awiri okha pamwezi. Zikakhala bwino ndiye ankadutsamo ndi inki, ndi kansonga kachitsulo komangirira ku kansungwi. Inki siifufutika. Ukalakwitsa, tsamba lonse latha.

Pakati pa pensulo ndi inki panali ine. Chinachititsa ndi chakuti chaka china anajambula chidakwa chogona m'ngalande, koma dzanja linawathawa n'kuchipatsa chibwano cha akatekisiti athu. Akatekisitiwo anakhala miyezi iwiri osatipatsa moni. Kuyambira pamenepo a Kalisto anayamba kusakaniza anthu: mphuno ya uyu, mphumi ya uyo, makutu a wina wa ku Thondwe. Akamaliza pensulo ankanyamula tsamba ndi manja awiri, kubwera nalo kulikonse kumene ndili, kaya ndikusinja kaya ndikuchapa, n'kufunsa funso limodzimodzi.

"Mayi a Debora, alipo amene mukumudziwa umu?"

Ntchito imeneyi ndinkainyadira, ndisaname. Ine ndinabadwira pano, ndimadziwa munthu ali kutsidya la dambo atandipatsa msana. Ndinkaloza ndi chala chonyowa, iwo n'kumalikokera kutali tsambalo: makutu awa ndi a aphunzitsi a Stanford, kakhalidwe aka ndi ka mayi wa pachigayo. Ankang'ung'udza, koma ankafufuta. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri palibe munthu anabwera pakhomo pathu kudzadandaula.

Kenako kunabwera njala ya 2002. Amene anaiona safuna kuikamba, ndipo ine ndingonena zochepa. Pofika Febuluwale tinkadya madeya, madeya atasowa tinayamba kukumba zitsa za nthochi. Debora ndi Isaki, ana athu, anasiya kusewera, ankangokhala pansi pa khonde kuyang'ana njira. Zikwangwani palibe ankalembetsa. Chotsala chinali masamba awiri aja, amene ofesi inkalipira ukawapereka pamanja Lachisanu lomaliza la mwezi. Ukaphonya Lachisanu limenelo, udikire mwezi wina.

Sabata ya Lachisanu lomaliza la Febuluwale ine ndinapita kudepoti kukaima pamzere wa chimanga. Ndinakhalako masiku awiri, ndipo chimanga chinatha anthu asanu ndi atatu ali patsogolo panga. Ndinabwerera Lachinayi masana ndi thumba lopinda m'khwapa. Ndinapeza a Kalisto atamaliza kale, inki ndi zonse, chifukwa nthawi inawathera ndipo sakanatha kundidikira. Koma mwambo wawo sanausiye. Ndisanasambe n'komwe m'mapazi, anabwera ndi tsamba m'manja awiri.

Nkhaniyo inali ya mayi amene akutuluka m'munda wa eni m'mamawa atabereka mwana. M'kabokosi kachitatu ukuona kuti kumbuyoko kulibe mwana: ndi mondokwa, chimanga chachiwisi, chokulungidwa bwino m'mbereko, pamwamba atachiveka kachipewa koluka. Panjira akukumana ndi mwini munda, amene akumufunsa ngati mwana wagona, iye n'kuyankha kuti wagona. Kunyumba ana atatu akumasula mbereko ija. M'kabokosi komaliza anawo akudya, mayi wawo atapenya kukhoma, osadya nawo. Sindinaonepo a Kalisto atajambula chinthu chabwino ngati chimenecho.

"Izi ndinaziona ndi maso anga, popita ku siteji," anatero. "Ndikufuna a m'tauni adziwe pamene njala yafikitsa anthu. Nkhope ndasintha yonse. Alipo amene mukumudziwa umu?"

Nkhope anasinthadi. Anampatsa masaya ozungulira ndi mpata kumano, munthu woti kulibe kwathu kuno. Koma phazi lamanzere la mayiyo silinkaponda pansi lonse. M'timabokosi tisanu ndi tiwiri, chidendene chinali m'mwamba, munthu akuyendera zala. Dera lonse lino woyenda choncho analipo mmodzi: Felista, mnzanga wa kuubwana, amene anaponda mulu wa mankhusu onyeka ali mwana, khungu la kuseri kwa phazi n'kukokeka. Anali mayi wamasiye wa ana atatu, ndipo Lamulungu lililonse tinkaima moyandikana mu kwaya. Kumbuyo kwake a Kalisto anajambulanso chulu chokhala ndi mtengo wa mpoza wopendekeka. Chulu chimenecho chili m'munda wa a Benedicto, tcheyamani wa mphakati wathu wa kutchalitchi, amene anabzala msanga m'mphepete mwa dambo ndipo chimanga chawo chinali chokhacho chokhwima.

Ndinazindikira zonsezi mpweya umodzi usanathe. Ndinadziwanso kuti ndikanena, a Kalisto tsambalo sakapereka. Ndimawadziwa. Akanaling'amba, n'kupita ku Limbe kukapempha pepala lina, Lachisanu n'kutidutsa. Ndinayang'ana pakhonde pamene Isaki anagona chamimba, ntchentche zili pakamwa iye osaziingitsa.

"Palibe," ndinatero. "Sakudziwika."

"Mwaonetsetsa?"

"Ndati sakudziwika. Mukufuna ndimudziwe mokakamiza?"

Anamwetulira, anauzira tsambalo ngakhale linali litauma kale, n'kuliika mu envulopu. Mawa lake madzulo anatsika minibasi ndi theka la thumba la chimanga paphewa. Tinadya. Ndinadziuza kuti kabukuko kadzatuluka pakapita mwezi ndi theka, anthu adzakhala atayamba kudya zam'munda, mitima itazizira. Ndinadziuzanso kuti mwina ndine ndekha wa maso otere. Kupatsako Felista mbale imodzi ya chimangacho ndinakuganizira, koma ndinaopa kuti andifunsa chifukwa chake, ndiye sindinapite.

Kabukuko kanafika Lamulungu lachiwiri Pasaka itapita. Anagawa panja Misa itatha, ndipo monga mwa nthawi zonse aliyense anathamangira masamba apakati. Poyamba kunali kuseka, chifukwa cha kachipewa kaja. Kenako kuseka kunayamba kuchepa, gulu ndi gulu. Mayi wina pafupi nane ananong'oneza mnzake kuti, "Koma phazi ili." A Benedicto anatulutsa magalasi m'thumba, anawapukuta, n'kuyang'ana chulu chija nthawi yaitali.

Felista sadziwa kuwerenga, koma zithunzi sizifuna sukulu. Wina anamupatsira kabukuko. Anayang'ana, anabweza mwaulemu ndi manja awiri, n'kuyamba ulendo wa kwawo. Bwalo lonse la tchalitchi linkayang'ana phazi lake. Ndinamuona akuyesetsa kupondetsa chidendene pansi, chinthu chimene sichinatheke kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anangotsimphina moipirapo. Ine ndinali nditaima pakati pa azimayi a kwaya, yunifomu ili pathupi.

A Benedicto okha mwina akanangoilekerera nkhaniyo. Koma anali ndi ana awiri a mlongo wawo, amuna akuluakulu, amene ankalondera mundawo nthawi ya njala, ndipo malume awowo ankawanena kuti ndi iwo amene ankaba. Amenewo ndiwo anapita kwa Felista masana omwewo. Anamumangirira zitsononkho m'khosi ndi luzi, anamuveka kachipewa ka mwana pamutu, n'kumuyendetsa kuchokera kunyumba kwake mpaka kumsewu, anthu akutsatira pambuyo. Ena mwa otsatirawo ndikudziwa bwino zimene anadya mu Febuluwale ndi kumene anazitenga. A Kalisto anathamangirako opanda nsapato, akunena kuti nkhaniyo ndi yopeka, munthuyo kulibe. Mmodzi wa amuna awiri aja anawakankha pachifuwa n'kunena kuti, "A Kalisto, inu pakamwa mutha kunama, koma pensulo yanu siinama." Ine ndinaonera zonsezi pa mpata wa mpanda wathu.

Sabata yotsatira a komiti ya kutchalitchi anamuuza Felista kuti ayambe wapuma ku kwaya. Ana a m'mudzi akamuona ankafunsana mokweza ngati mwana wagona. Kuchitsime azimayi ankasuntha ndowa zawo iye akafika, ngati kuti angabe ndi madzi omwe.

A Kalisto ku siteji anasiya kupita. Kujambula sanasiye, dzanja lawo silidziwa kukhala, koma ankangojambula nkhuku, mpini wa khasu, mphika wovundikira. Chakudya ankangochitosa. Tsiku lina ndikutsuka mbale anabwera kudzaima pambuyo panga.

"Ndinamuona munthu ali pamavuto, ine n'kutulutsa pensulo," anatero. "Phazi lija ndinalikonda, mayi a Debora. Ndinalijambula kasanu ndi kawiri osaganiza kuti lili ndi mwini wake. Inu musadzimvere chisoni, munali wotopa ndi mzere uja. Wolakwa ndine."

Ndinapitiriza kutsuka mbale imene inali itayera kale. Manyazi amene ndinamva pamenepo ndi oposa a tsiku la kutchalitchi, chifukwa munthu ankandipepesa pa mlandu wanga, ine n'kulandira.

Titakolola mu Meyi, a Kalisto anati tipite tikapepese. Ndinayesa kuzemba, ndinati mabala akadali aawisi, tidikire. Anakana. Ndinasinja chimanga chatsopano, ndinadzaza dengu ndi ufa woyera, ndinasenza, iwo patsogolo ine pambuyo.

Tinamupeza Felista akutonola chimanga pakhonde, kamulu kochepa kokolola pamunda wake. Anatiyalira mphasa, anatipatsa moni bwinobwino monga alendo, n'kubwerera pa ntchito yake. Ndinatula dengu pakati pathu. A Kalisto anavula chipewa.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa," anayamba. "Amene ndinakuonani m'mawa uja ndine. Ndinasintha nkhope, ndinkayesa kuti zakwana. Sindinafune kukuchititsani manyazi, ndinkafuna anthu amve chisoni. Mlanduwu ndi wanga ndekha. Mayi a Debora ndinawaonetsa tsamba lija lisanapite, koma sanakuzindikireni, apo ayi sindikanapereka."

Felista sanasiye kutonola.

"Inenso ndinakuonani, bambo," anatero. "Munaima kuseri kwa mtengo wa mango, mutawerama. Ine ndinkayesa mwaweramitsa mutu dala, kuti ndidutse ngati simunandione. Njira yonse ndinkakuthokozani mumtima. Ndinauza ndi ana omwe kuti a Kalisto ndi munthu. Kani munkalemba."

A Kalisto anangotembenuza chipewa m'manja. Ndinkayembekeza kuti Felista apitiriza kuwanena iwowo, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinkafuna atero. Koma anaika chitsononkho pansi n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe Bibiana. Tsiku limene ndinapsa, amene anandibereka kuchoka pa mankhusu paja kukafika kwa amayi ndani?"

"Ndine."

"Amene ankandigwira mwendo amayi akamatsuka balali ndi madzi a mchere?"

"Ndine."

"Ogulitsa makala a ku siteji anandizindikira. Ana a Sitandade 1 anandizindikira. Ndiye bambowa akuti iwe sunandizindikire. Ndikufuna ndimve pakamwa pako."

Ndinayang'ana ufa uja. Ndikanatha kunama kachiwiri, mawu ake anali okonzeka kale pa lilime. Koma Felista anali atatambasula mwendo pamphasa, phazi lija lili pafupi ndi bondo langa.

"Ndinakuzindikira," ndinatero.

Ndinamva a Kalisto akutembenuka, koma sindinawayang'ane.

"Likanabwerera tsamba lija, ife mwezi wonse tikanakhala opanda kanthu," ndinapitiriza. "Ana anali ndi njala, Felista."

"Anganso," anayankha.

Sanakweze mawu, sanalire. Anatola chimanga china n'kuyamba kutonola. Patapita kanthawi analoza dengu ndi chibwano.

"Ufawo nyamula. Panopa ndili ndi wanga. Wa mu Febuluwale ndi umene ndinkaufuna."

Ndinasenzanso dengulo lodzaza monga ndinabwera nalo. Njira yochokera kwa Felista imadutsa pachitsime, ndipo azimayi onse anaona ufa ukubwerera. Palibe anafunsa. A Kalisto ankayenda patsogolo monga popita, chipewa chili m'manja, ndipo mpaka kufika kunyumba sanatembenuke.

Felista ku kwaya sanabwererenso, ngakhale a komiti anamutumira uthenga chaka chitatha. Anayamba kupemphera ku kampingo kena kutsidya la mtsinje. Tikakumana kuchigayo amandipatsa moni wa "inu", ngati mlendo wochokera kutali, ndipo ine ndimayankha chimodzimodzi.

Ndinkadikira kuti a Kalisto andikalipire. Ndinakonzekera ndi mayankho omwe: kuti chimanga chija iwonso anadya, kuti amene anaima kuseri kwa mtengo si ine. Sanandipatse mpata woti ndiwagwiritse ntchito. Za kwa Felista sanazitchulepo, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse. Patapita masabata awiri anatenganso kope lawo n'kubwerera pakhonde la a Abdulkarim, ndipo mwezi umenewo anajambula nkhani ya anthu awiri okanganirana malire a munda.

Tsiku limene anamaliza pensulo ndinali pakhonde ndikusankha nyemba. Ndinamva mpando ukukhwekhwereka, ndinadziwa kuti aimirira. Ndinapukuta manja pa chitenje, ndinasuntha lichero kuti pakhale malo. Anatulukadi ndi tsamba m'manja awiri, anaima pakhomo n'kuliyang'ana padzuwa nthawi yaitali, bokosi ndi bokosi, milomo ikugwedera ngati akuwerenga mayina. Atatha anabwerera m'nyumba, ndipo ndinamva akutsegula botolo la inki.